Mawu Omaliza a Mayi Felistus Ngoma

Akhristu anzanga, bungwe la kalata ya parishi landituma ine Bwezani Sakala kuti ndilembe za moyo wa Mayi Felistus Ngoma, amene tinawaika m'manda Loweruka lapitali. Ndiyambe ndi kuulula vuto langa. Wapampando wathu, ba Fanwell, akufuna kuti nkhaniyi ithe ndi mawu omaliza a malemuwa, popeza ndine ndekha amene ndinali pambali pa bedi lawo. Mawuwo ndinawauza, koma ba Fanwell sanawakonde. Akuti alibe fungo la kumwamba. Andilembera ena pa kapepala, akuti: "Musalire ana anga, ndikuona angelo." Kapepalako kali pano patebulo pamene ndikulemba.

Mayi Ngoma anabadwira m'komboni ya anthu a njanji kuno ku Kafue. Bambo awo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito yokonza njanji, ndipo mayi awo ankasesa m'tchalitchi Loweruka lililonse. Mwanayu anakula womvera, wokonda Misa, koma anali ndi kamatenda kamodzi kosamva mankhwala, kofunsa kuti, "Zalembedwa pati?"

Atatsiriza maphunziro a uphunzitsi anakumana ndi ba Obed, amene ankagwira ntchito ku fakitale. Ba Obed atanena kuti amawakonda, anayankhidwa mwaulemu kuti mfundoyo ndi yabwino koma ikusowa umboni. Munthu wa Mulunguyo anapalasa njinga kupita ku Chanyanya Loweruka kasanu ndi kamodzi motsatizana, nabwera ndi nsomba ulendo uliwonse. Ukwati unadalitsidwa m'tchalitchi mwathu muno. Ntchito itatha ku fakitale, ba Obed atayamba kudwaladwala, mkazi wawo anawasamalira zaka zisanu ndi zinayi, ndipo palibe amene anamvapo dandaulo pakamwa pawo.

Kwa zaka makumi atatu anaphunzitsa mabuku a nthano ndi masewero pa sukulu ina ya sekondale m'tauni muno. Ife ana awo tinkangowatchula kuti ba Madam. Lamulo lawo polemba chimangirizo linali limodzi: nena mfundo yako, gwira mawu enieni a m'buku, tchula peji, kenaka fotokoza. Tizizindikiro totsekera mawu ogwidwa ankatitcha timakutu. "Ukaika timakutu," ankatero, "ndiye kuti walumbira kuti unamvela na makutu yako. Ngati sunamvele, tusiye tumakutu twa bene."

Chaka china mabuku a mayeso anasowa patchuthi, anangotsala atatu othothoka masamba, ife tili makumi asanu ndi limodzi. Tsiku lina ba Madam akudutsa pamsika anaona vitumbuwa vikukulungidwa m'peji 47 ya buku lomwelo. Anapempha mayi wogulitsayo kuti awagawireko mapepalawo. Mayiyo anakana. "Ine mapepa sinigulisa, nigulisa vitumbuwa." Basi ba Madam anayamba kugula chitumbuwa chimodzichimodzi, chilichonse m'pepala lakelake, masabata atatu athunthu. Tsono inali nthawi ya Lenti, ndipo iwo anali atalonjeza kusalawa zokazinga. Ankanyamula vitumbuwa votentha kudutsa tauni yonse, fungo likuwalowa m'mphuno, kukapatsa odwala a m'dera lawo. Pofika Pasaka mitu inayi ya bukulo inali itabwerera, odwala atanenepa, ndipo kalasi yathu inkanunkha mafuta.

Apa ndiye pamene pakulowa tchimo langa. Ine ndili mwana ndinali wabodza wodziwika, wonama ngakhale popanda chifukwa. Mu Giredi 11 ndinalemba chimangirizo osawerenga buku. Ndinapeka mawu okoma kwambiri, ndinawaika m'kamwa mwa mkazi wina wamasiye wa m'nthano ya m'bukumo, ndinawaveka timakutu, n'kulemba kuti peji 47. Ndinasankha peji imeneyo dala, chifukwa inali ndi banga lalikulu la mafuta.

Ba Madam anawerenga mawu angawo mokweza.

"Yabwino maningi aya mau, Bwezani. Yali pati?"

"Paja pali mafuta, ba Madam."

Anatulutsa pejiyo naiyang'ana pawindo. "Mafuta yadya mizere ibili. Iwe wachosamo isanu. Kapena ni chozizwisa?"

Sanandimenye. Anandiuza kuti kuika mawu m'kamwa mwa munthu amene sanawanene ndi kumunamizira, ngakhale munthuyo akhale wa m'buku, ngakhale mawuwo akhale okoma bwanji. Kenaka anandilamula kuti ndilembe kalata yopepesa kwa wolemba bukulo. Nditawakumbutsa kuti wolembayo anamwalira kalekale, anati kalatayo ndilembebe, ndidzamupatsa ndekha tikadzakumana. Ndinachita manyazi osaneneka, ndipo kalatayo ndikali nayo.

Kutchalitchi anali chimodzimodzi. Tonse tikukumbukira mlendo uja amene anatilalikira pa mapemphero a m'nyumba za akhristu kuti Baibulo limati Mulungu amathandiza odzithandiza okha. Ba Madam anakweza dzanja, nafunsa mofatsa chaputala ndi vesi. Mlendoyo anatsegula Baibulo kutsogolo, kumbuyo, pakati, mpaka anayambitsa nyimbo. Miseche nayo inkafera pamapazi pawo. Wina akayamba kuti, "Mwamvela vamene akamba ba uje?" iwo ankafunsa kuti, "Anakamba bwanji? Mau yake yeniyeni. Munalipo?" Azimayi ena ankasintha njira akawaona akubwera. Koma mayi wina wa m'kwaya, amene ananamiziridwa kuti anatukwana apongozi ake, ali pabanja mpaka lero chifukwa ba Madam anatsata mawuwo khomo ndi khomo napeza kuti palibe amene anawamva.

Atapuma pantchito sanapume. Ana a Giredi 12 ochokera mpaka ku Shimabala ankadzaza khonde lawo masana, kuphunzira kugwira mawu popanda kulipira kalikonse. Maso atayamba kuchita khungu ankawauza anawo kuti awerenge mokweza, ndipo wina akalumpha liwu limodzi ankagogoda ndodo pansi.

Lachiwiri la sabata yatha masana ndinapita kukawaona. Bambo mfumu anali atawadzoza kale mafuta a odwala, ndipo mwana wawo Bertha anali atatuluka kukawatenthetsera phala. Ba Madam anali atagona mwabata, kolona ili m'manja. Chisoni chinandigwira, ndinagwada, ndipo ndinati, "Ba Madam, imwe munasintha myoyo ya bantu. Munali mphunzisi wabwino kupambana bonse mu Kafue."

Anatsegula diso limodzi nandiyang'ana monga ankandiyang'anira ndili kumpando wakumbuyo.

"Umboni uli kuti?"

Ndinafunafuna yankho ngati mlendo uja ndi Baibulo lake. Ndisanapeze, anatseka disolo, napuma kawiri pang'onopang'ono, napita kwa Ambuye mumtendere.

Amenewo ndiwo mawu awo omaliza. Ba Fanwell abwera kwanga katatu. Akuti palibe amene angadziwe, akuti za angelozo zingalimbitse akhristu, akutinso mwina angelowo anawaonadi koma analibe mpata wonena. Mwina n'zoona. Koma ine sindinamve, ndipo dzanja langa likukana kujambula timakutu. Ba Fanwell mundikhululukire, kapepala kanu ndikubwezerani Lamulungu ikatha Misa yoyamba.

Tsono ba Madam, ndinachedwa kuyankha monga mwa masiku onse, koma yankho langa nali. Mfundo ndi yakuti munasintha miyoyo ya anthu. Umboni wake ndi Bwezani, wabodza uja wa peji 47. Anapatsidwa bodza lokoma, lolembedwa kale, pamene inu simungathenso kuliyang'ana pawindo, ndipo wakana katatu. Ndikudziwa kuti mufunsa peji. Peji yake ndi ino.

Mzimu wawo uuse mumtendere.