Tsiku Limene Agogo Anayang'ana Mkamwini Wawo M'maso

Ndikamva fungo la choko ndi mabenchi onyowa, amabwera m'mutu mwanga ndi agogo aNaZulu, mayi awo a amayi anga, atakhala m'kalasi ya Chingerezi ya akuluakulu kuseri kwa tchalitchi ku Kapata, malata akulira ndi dzuwa, utsi wa chimanga chowotcha ukulowera pazenera pomwe ine ndinkasuzumira.

Agogo ankapitako chifukwa anatopa ndi kugwedezera mutu madokotala iwo osamva kanthu. Atate ankapitako chifukwa ankafuna ntchito ya ulonda pa loji ina, ndipo kumeneko ankafuna kalata ya aphunzitsi yonena kuti munthuyo amatha kulankhula Chingerezi. Kunyumba tinkagona ndi phala.

Awiriwa anali asanayang'anizanepo. Apongozi ndi mkamwini. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'udzu. M'kalasimo agogo ankakhala kutsogolo, atate kumbuyo kwenikweni.

Tsiku loyesedwa, aphunzitsi, mtsikana wokulira ku Lusaka wosadziwa za kwathu, anawerenga mayina awiriawiri. Anati aZulu ndi aMwale, ndiye kuti agogo ndi atate, abwere kutsogolo, ayang'anizane, acheze.

Mayi wina wogulitsa nsomba za kapenta anabisa nkhope m'chitenje.

Atate anaimirira, maso ali pa nsapato, thukuta likutsika m'khosi. Aphunzitsi anadikira, kenako anayamba kutsitsa cholembera papepala kuti alembe kuti atate alephera.

"Dikirani, mwana wanga," anatero agogo.

Anamanganso chitenje bwinobwino, anayenda mpaka pamaso pa atate, nadzutsa mutu.

"Aphunzitsi, paja munati m'Chingerezi aliyense ndi 'you', kaya mfumu kaya mwana?"

"Eya, amama."

"Ndiye kuti mulibe apongozi m'menemo. Tiyeni tilowe, tikatulukanso." Anawayang'ana atate m'maso. "Good morning. What is your name?"

Dzina limene agogo anali asanalitchulepo kuyambira pomwe atate anakwatira mwana wawo.

"My name is Yotamu Mwale."

"Kwezani mawu, alendo a pageti sadzakumvani. You, what is your work?"

"I am... I am a guard."

Agogo anawafunsa mafunso onse omwe ankadziwa, mpaka la mtengo wa tomato, maso osaphethira. Atate anayankha onse. Kalata analandira, ntchito anaipeza, ndipo nkhaniyi sinakambidwepo pakhomo pathu.

Ine sukulu ndinasiyira giredi naini. Ndinalakwitsa liwu limodzi powerenga, anzanga anaseka, mawa lake sindinapitenso. Ena amati inali nkhani ya yunifomu. Bodza. Ndinachita manyazi basi.

Lero ndimapalasa njinga ya hayala, ndipo wokwera akandiyankhula Chingerezi ndimangogwedeza mutu. Amandipweteka ndi agogo. Iwo anali ndi mwambo wonse wowaletsa kutsegula pakamwa, koma anatsegula. Ine anandiletsa ndi ana a zaka khumi ndi zisanu.