Dyna ndi Kanema wa Kukhoti

Dyna Muhiwa anayamba kuthyola tiyi ali mtsikana, ndipo mpaka lero amadziwika pa esiteti kuti ndi mayi wa manja achangu koma wosachedwa kupsa mtima. Amuna ake, a Godwin, ankapalasa kabaza ku Muloza.

Tsiku lina a Godwin ananyamula munthu wochokera ku Milange, ali ndi chikwama chachikulu. Apolisi atawaimitsa, munthuyo anadumpha n'kulowa m'munda wa tiyi. M'chikwamamo munapezeka mankhwala akuchipatala, ndipo amene anatsekeredwa ndi a Godwin.

Mlandu utayandikira, Dyna anapempha tchuthi kwa akapitawo, naphika nyemba za kalongonda kuti amuna ake akalaweko zakwawo. Kukhoti anakhala pabenchi maso ali kukhomo, kudikira galimoto ya akaidi. Sinabwere. M'malo mwake mesenjala anayatsa kanema wamkulu pakhoma, a Godwin n'kuonekera mmenemo, ataonda, ndevu zili nyankhalala.

"Bambo a Tamanda!" anafuula Dyna, kuitana amuna ake ndi dzina la mwana wawo.

"Chete, mayi! Muno ndi m'khoti," anatero mesenjala.

"Nanga akundiona?"

"Akuona a majisitireti okha."

A majisitireti atafunsa funso loyamba, a Godwin anatsegula pakamwa kuti ayankhe, nkhope n'kuuma pomwepo, kukamwa kuli yasa. Anthu anaseka. Netiweki inali itathawa, ndipo mlandu unaimitsidwa. Kalongonda uja Dyna anabwerera naye.

Ulendo wotsatira kunalibe magetsi. Ulendo wina mawu ankamveka koma nkhope ayi. Winanso pakanema panabwera mkaidi wachilendo, amene anakhala phee kumvetsera mlandu wosakhala wake. Akapitawo nawo anatopa. "Usankhe, tiyi kapena khoti," anamuuza motero.

Dyna anakadandaula kwa a Esteri, kalaliki wa khoti. "Achemwali, bwanji osangowabweretsa? Munthu n'kuweruzidwa ali pakhoma ngati mpira?"

"Galimoto ya kundende ilibe mafuta, mayi," anayankha a Esteri. "Pakanapanda kanemayu, bwenzi mlandu wanu usanayambe n'komwe."

Dyna anatuluka osatsanzika.

Mvula itayamba, netiweki inagwira tsiku lonse. Wapolisi anavomera kuti mwini chikwama anathawa iye akuona, ndipo khoti linamasula a Godwin. Dyna asanaimirire n'komwe, kanema anazimitsidwa.

"Ndiye ndikawatenge kuti?"

"Chigamulo chikafika pakompyuta ya kundende, awatulutsa," anatero a Esteri.

Chinafika sabata itatha. A Godwin anatulukira pakhomo masana, wapansi, Dyna ali kumunda. Madzulo a Godwin anamufunsa za njinga yawo, imene apolisi anaisunga ngati umboni.

M'mawa mwake anapita onse awiri kupolisi kukaifunsa. Mnyamata wa pakompyuta anadinadina, anapukusa mutu, nati njingayo sikuoneka mu sisitemu, abwerenso Lachinayi.

Dyna anamanganso chitenje mwamphamvu. "Lachinayi mubwera nokha," anawauza amuna ake. "Ine ndili ku tiyi."