Msika wa Pansi pa Shire

Nthawi ya atsamunda ine ndinkawolotsa anthu pabwato pa Liwonde. Tsiku lina ndinanyamula mkulu wina wa kwa Kalembo wogulitsa mchere, munthu wosakhazikika. Ankangoimiriraimirira, bwato n'kumapendama, pomwe madzi anali odzaza, ng'ona zili mbwee.

"Khalani pansi, achimwene," ndinatero. "Pansi pa Shireyu pali mtsinje wina woyenda chobwerera kumtunda. Tsidya lino zimalamulira mvuu, tsidya linalo ng'ona, ndipo zikulimbirana msika wapakati. Woimirira m'bwato zimamuyesa kazitape."

Anakhaladi. Koma wamalonda ndi wamalonda basi, mawu oti msika anamulowa m'mutu.

"Nanga mchere amagula kumeneko?" anafunsa uku akusuzumira m'madzi ndi thupi lonse.

Bwato linagudubuka pomwepo. Ife tinakwawira m'mabango tili amoyo, koma matumba ake anatuluka opepuka ngati nsanza.