Amayi Olera Maselo M'timbale

Pa mzere wathu wa nyumba pali amayi ena amene ntchito yawo ndi kulera maselo m'timbale ku labotale. Maselowo ndi ochokera ku mluza wa munthu, aja otha kusanduka chilichonse m'thupi. Amayiwa amawanyengerera posinthasintha madzi a chakudya chawo mpaka asanduke maselo a minyewa ya ubongo. "Ali ngati ana a sukulu," amatero. "Ukawalekerera, aliyense amalowera kwake." Loweruka ndi Lamlungu kwa iwo kulibe, poti njala ya maselo siidziwa tchuthi.

Tsiku la ukwati wa mwana wawo, mkwatibwi adawachenjezeratu: "Amayi, mukasowa pa zithunzi, tidana."

Mwatsoka, mnzawo wa ku ntchito amene adalonjeza kudyetsa maselo adadwala. Gule atafika pachimake, amayi aja adazemba n'kuthamangira ku labotale. Atasuzumira pa maikulosikopu, adaona kuti timaselo tija tatulutsa timaulusi tatitali tofikirana. Adalulutira chakumbali kuti mpweya usalowe m'kambale, n'kutidyetsa, n'kuliyatsa liwiro.

Ku holo adapeza wojambula akulongedza kamera, mkwatibwi atatupa masaya.

"Azing'ono anga aja adya?" adafunsa mkwatibwi.

"Adya, mwanangu. Ndipotu aphuka nthambi!"

Mkwatibwi adayesetsa kusunga mkwiyo, koma phwete lidamupulumuka.

"Achimwene, tulutsaninso kamerayo. Inu amayi, bwerani muime apa. Koma vulani kaye magolovesi abuluuwo musanandigwire diresi."