Masamba Omaliza a Buku la Aphunzitsi

Bukulo linalibe chikuto. Linali lonenepa, lachikasu m'mphepete, ndipo linkanunkha choko ndi mphemvu za m'kabati ya kusukulu. Aphunzitsi athu a giredi seveni anandibwereka potsekera sukulu, nyengo yokumba mtedza. Anangoti, "Libwere monga lapitira." Ndinalilandira ndi manja awiri, maso ali pansi. Panalibe munthu amene anandikhulupirirapo chonchi.

Chaka chimenecho bambo anali atamwalira, ndipo ine ndi amayi tinkakhala kwa amalume, chakufupi ndi Mtenguleni. Ntchito yanga inali kulondera mtedza woyanikidwa kumunda kuti akhwangwala ndi mbuzi zisaudye. Ndinkakhala pansi pa msuku, buku pamaondo.

Nkhani yake inkayenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa. Wokonza mawotchi anapezeka atafa m'sitolo yake, m'tauni ina ya nkhungu. Wapolisi wokalamba ankangoyenda khomo ndi khomo, kumwa tiyi, kufunsa za mvula. Masamba ankatha, masiku ankatha, munthu osagwidwa. Chingerezi china chinkandipitirira, koma sindinkadandaula. Dzuwa likafika paliwombo zilembo zinkasungunuka, ndipo ndinkamuona wapolisi uja akudutsa pakati pa milu ya mtedza, nkhungu yakwawo itaphimba mapiri a Chipata. Lero ndimaona kuti kuchedwa kuja n'kumene kunandigwira mtima. Ndinayamba kumayang'ana manja a anthu akamalankhula.

Tsiku lina buku linapepuka. Masamba omaliza, m'mene wakupha akanaululika, anali atathotholedwa bwinobwino. Sindinafunse munthu. Ndinachita ngati wapolisi wanga: ndinasuzumira pamafuwa, kuseri kwa nkhokwe, ngakhale kuchimbudzi. Tsiku lachitatu ndinapeza amalume pakhonde akukulunga fodya, pepala lake lili ndi timizere ta Chingerezi.

"Mapepala a aphunzitsi akowa ndi ofewa bwanji, mphwanga!" anatero akuseka. "Usaope, ndayambira kumbuyo. Kutsogoloko ndakusiyira, si ndiko kuli nkhani?"

Ndinaima pomwepo, dzina la wakupha likukwera kudenga ndi utsi. Ndinangoti, "Inde, malume."

Ndinakawauza amayi. Anapitiriza kusenda mtedza.

Tsiku lotsegulira sukulu anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, nasenza beseni la mtedza, nanditsogoza. Titafika anagwada pakhomo la kalasi.

"Aphunzitsi, wolakwa ndine. Masamba omaliza a bukuli ndinakolezera moto. Ine sukulu sindinapite, ndinayesa mapepala wamba. Mwanayu analisamala ngati dzira."

Aphunzitsi anatsegula buku, nalisendeza kumphuno. Fungo la fodya linali likadalimo. Anawayang'ana amayi nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndamva, mayi. Dzukani." Asanatilole kupita anatulutsa buku lina m'kabati nandipatsa. Ndinkafunitsitsa kuwafunsa amene anapha wokonza mawotchi, koma manyazi ananditseka pakamwa. Mpaka lero sindimudziwa.

Amayi anapempha aphunzitsi kuti andilole ndiwaperekeze pang'ono pobwerera kunyumba. M'njira ndinayenda patsogolo, osawalankhula. Ndinali nditafufuza ndekha, wolakwa ndinamuona ndi maso anga, koma iwo anakagwada m'fumbi ndi bodza. Ndinkati ndi mantha chabe. Sindikanatha kumvetsa kuti mayi wamasiye amene akulima munda wa mlongo wake, ndi kugona m'nyumba ya mlongo wake, sangakatchule dzina la mlongoyo pakhomo la sukulu, ndipo kuti mwa njira zonse zimene anali nazo, anasankha yokhayo yotisiyira munda, ine n'kundisiyira mabuku.