Dzanja la M'kati mwa Mtsuko

Ndikukumbukira bwino chaka chimene amuna anayamba kubwerako kumtengatenga, ntchito ija yosenza katundu pa nkhondo ya Azungu, ali oonda, mapazi atang'ambikang'ambika. Ine ndinali kamtsikana kosakhazikika, mawere asanamere. Tinkakhala m'mudzi wina kudera limene lero mumati Sinda, kumene atate anatumizidwa ndi a mishoni kuti aziphunzitsa ana kuwerenga ndi kutsogolera mapemphero. Amuna ena anabwerako, ena ayi. Mmodzi mwa amene sanabwereko anali mwana yekhayo wa aNamwale, mayi woumba mbiya amene ankakhala kumapeto kwa mudzi.

ANamwale analibe m'bale ngakhale mmodzi pamudzipo. Anagwidwa ali mwana pa nthawi ya nkhondo za Angoni, ndipo kwawo kwenikweni sankakudziwa. Amuna awo anali atamwalira kale. Kamunda anali nako, koma kanali ka pamiyala, kosati n'kudyetsa munthu chaka chathunthu. Chimene chinkadzaza nkhokwe yawo chinali dothi. Mwambo wake unali wakuti wofuna mtsuko kapena mphika azibwera ndi chimanga chotongola kapena mapira, n'kuthira mpaka chiwiyacho chitadzaza pakamwa. Chakudyacho chinkatsala, chiwiya n'kupita.

Ine ndinafikako ngati chilango. Ndinali ndi vuto lothamanga mtsuko uli pamutu, ndipo nditaswa wina watsopano panjira ya kuchitsime, amayi anatopa nane. Sanandimenye. Anandigwira pamkono mpaka kwa aNamwale n'kunena kuti, "Mayi, mtengeni uyu akaone kumene mitsuko imachokera. Mwina adzayamba kuyenda ngati munthu."

ANamwale anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutenga manja anga, kuwatembenuza uku ndi uku.

"Manja ake ndi awa? Zipalapasiro za nkhuku zenizeni," anatero m'Chichewa chawo chosakanikirana ndi Chinsenga. "Chabwino, msiyeni."

Musaganize kuti ndinayamba kuumba. Ayi ndithu! Chilimwe chonse choyamba ntchito yanga inali yosenza mtapo, dothi lija loumbira, kuchokera kudambo kumene tinkalikumba m'dzenje lakuya kufika m'chiuno. Tikafika nalo ndinkalinyika, kulisinja, kenaka n'kukhala pansi kumalifinya pang'onopang'ono pakati pa zala kuti ndichotse timiyala ndi timizu. Ndikati ndamaliza, iwo ankalowetsa chala kamodzi kokha n'kutulutsa kamwala, n'kundiikira pabondo. Zinkandipweteka mtima koopsa. Anzanga ali kusewera masanje, ine ndili ndi matope mpaka m'zigongono, kufunafuna mchenga m'dothi.

Koma maso anga ankaba. Ndinkaona mmene ankakhazikira chibuma cha dothi paphale, kuboola pakati ndi chibakera, n'kuyamba kukweza khoma, dzanja lamanzere m'kati, lamanja kunja. Ankapala m'kati ndi chigoba cha nkhono, kunja n'kusalaza ndi chitsononkho chonyowa. Sankayang'ana n'komwe. Ankatha kumakalipira mbuzi kapena kukangana ndi munthu wodutsa, mtsuko ukukula wokha pakati pa miyendo yawo. Ine ndinkati mumtima, kodi chovuta n'chiyani pamenepa?

Chilimwe chachiwiri anandilola kuumba timiphika ta ndiwo. Ndikamaliza kamodzi ndinkakanyamula monyadira kupita nako kwa iwo. Ankakagwira m'mphepete, kukazunguliza kamodzi, n'kukafinya kubwerera kukhala chibuma. "Bwerezanso." Tsiku lina ndinalira, ndipo anandifunsa ngati ndikufuna kufewetsa dothi ndi misozi poti madzi kuchitsime atha. Anali mayi wapakamwa, ndipo sindinganame kuti ndinkawakonda masiku amenewo. Komabe pofika kumapeto kwa chilimwecho timiphika tanga tina tinapulumuka, tinaotchedwa, ndipo amayi anaphikiramo nyemba. Ndinadziona ngati ndafikapo.

Tsoka linabwera chaka chotsatira, anthu atangomaliza kukolola. Imeneyi ndiyo inali nyengo yathu, chifukwa nkhokwe za anthu zikakhala zodzaza, manja awonso amakhala omasuka. Mvula ikayandikira, aliyense amayamba kuumira. Tinapita kudambo m'mawa, ndipo aNamwale atapisa dzanja m'dzenje kuti achotse zinyalala, mphiri inawaluma pamkono wamanja. Anthu anathamanga, anatema mphini, anamanga ndi luzi, atate anapemphera. Moyo unatsala, koma mkono unatupa kwa masabata, kenaka unafota, zala n'kupindikira m'kati osatambasukanso.

Nditapita kukawaona atayamba kudzuka, ndinawapeza atakhala pakhonde akuyang'ana nkhokwe yawo. Ndinasuzumiramo. Munali chimanga chongokwirira pansi. Amayi anawatumizira lichero la ufa, iwo analandira, koma lachiwiri analibweza.

"Ukawauze amayi ako kuti zikomo," anatero. "Ndinadyapo kale nsima ya chisoni pakhomo pa eni ake ndili mwana. Sindidzaidyanso."

Ndinali wamng'ono koma ndinamva. Munthu amene anakula ngati kapolo, n'kudzipezera ulemu ndi manja ake, sakanalola kubwerera kumene anachokera. Ndipo ndinkadziwa kuti mayi ameneyu akhoza kufa ndi njala m'nyumba mwake chitseko chili chotseka. Ndiye ndinati, "Mayi, ndiumba ine. Inu muzingondiuza."

Anaseka kuseka kosakondwa. "Iwe? Timiphika ta nyemba tidzadzaza nkhokwe? Anthu akufuna mitsuko ndi mbiya."

Komabe analola, poti panalibenso njira ina. Ndinaumba mitsuko mmene ndinkaonera iwo akuchitira, iwo ali pambali kumalangiza ndi pakamwa. "Chepetsa apo. Onjezera apo. Wapyola!" Ine sindinkadziwa kuti apo ndi pati. Kunja mitsukoyo inkaoneka bwino ndithu, ndipo itauma mumthunzi ndinaikulunga ndi mwala wosalala mpaka kunyezimira. Tinasonkhanitsa makungwa ndi nkhuni, tinaunjika, ndinayatsa. Moto utangokolera ndinamva phu! Kenaka winanso, ndi winanso. Pofukula phulusa tinapeza mapale okhaokha, kupatula kamtsuko kamodzi kokhala ndi mng'alu kuyambira pakhosi mpaka pansi.

Amayi a m'mudzi anabwera kudzaona, ndipo nkhani inali imodzi: pali munthu wotentha amene wadutsa pafupi ndi moto, wina amene sanadzisunge m'nyumba mwake. Anayamba kutchulana maina monong'ona. Kunena zoona ine nkhaniyo inandikomera, chifukwa inkandichotsa pamlandu. ANamwale nawonso ankasunga miyambo imeneyi, sankalola munthu wamba kufika pamoto wa mbiya. Koma tsikulo anadikira kuti anthu apite, natola phale limodzi lalikulu, nandipatsa.

"Gwira apa. Tsopano gwira apa."

Pansi panali pochindikala ngati chikhatho, pamimba popyapyala ngati tsamba.

"Wotentha wake ndi ameneyu," anatero. "Apa pamapsa msanga, apa pamachedwa, ndiye zimakokana mpaka kusweka. Usalole kuti anamizire mwana wa eni ake."

Ndinafunsa kuti nanga ndidziwa bwanji, poti m'kati mwa khoma maso safikamo. Anasisita mkono wawo wofota uja. Kenaka anati iwonso sadziwa kufotokoza kwake, poti amene anawaphunzitsa sanawauzepo ndi mawu. Anandituma kuti ndisinje mapale onse aja akhale ufa, tisakanize ndi mtapo watsopano, chifukwa dothi lotero limalimba pamoto. Ndinasinja ntchito yanga yonse ya mwezi mumtondo, ndikulira.

M'mawa mwake nditakhazika chibuma paphale, anabwera kudzakhala moyang'anana nane, mawondo athu n'kugundana. Anandiuza kuti dzanja langa lamanzere ndiike kumbuyo. Kenaka analowetsa dzanja lawo lamoyo lija m'kati mwa dothi.

"Ine m'kati, iwe kunja. Usayang'ane. Undifunefune."

Poyamba sindinamve kanthu koma kuzizira kwa dothi. Ndinakanikiza kwambiri, khoma linabooka, zala zathu n'kukumana. "Ukufuna kundipatsa moni?" anakalipa. Tinatseka, tinayambanso. Ndinachita mantha n'kumangosisita pamwamba, iwo n'kunena kuti akumva ngati ali okha mumtsukomo. Tinapitiriza choncho tsiku limenelo, ndi lotsatira, ndi ena ambiri. Sindikudziwa kuti linali tsiku liti, koma nthawi ina ndinazindikira kuti ndikuwamva. Kuseri kwa dothi kunali zala zikuyenda, ndipo zikakwera zanga zinkakwera nazo. Zikatalikira ndinkadziwa kuti pachindikala, zikayandikira kwambiri ndinkadziwa kuti pafunika kuwonjezera. Panali mtunda wake umodzi woyenera, ndipo manja anga anayamba kuudziwa mutu usanaganize.

Sizinali zokoma nthawi zonse. Msana unkawawa, iwo ankatopa msanga n'kuyamba ukali, ndipo mitsuko ina tinkaiphwanya tokha isanaume. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana masana, anthu akusosa m'minda. Ndinkaona mayiwo akuphika kamodzi patsiku, tsiku lina phala lokha, ndipo ndikabwera ndi mbatata yochokera kwathu ankalandira pokhapokha ndidye nawo, kuti ikhale ngati kamba wa pantchito.

Tsiku lina tili pakati pa mtsuko waukulu, anatulutsa dzanja n'kunena kuti akukatenga fodya m'nyumba, ndipitirize. Ndinalowetsa langa lamanzere. Ha! Linali ngati la munthu wina, losadziwa kanthu. Koma lamanja linkadziwa chimene likufuna, ndipo linayamba kufunafuna mnzake monga linkafunira la aNamwale. Ndinakweza mimba, ndinapinda phewa, ndinafika pakhosi. Nditatukula mutu ndinawaona ataima pakhomo, opanda fodya aliyense m'manja. Anabwera, anayendetsa zala m'kati kuchokera pansi mpaka pamwamba. Ndinadikira kuti aufinye. Iwo anangoti, "Pakamwa papendama," n'kukhala pansi. Kwa aNamwale kumeneko kunali kuyamika kwakukulu.

Tsiku lootcha ndinalibe mtendere. Tinayamba tawamba mitsuko pafupi ndi moto kuti itenthe pang'onopang'ono, kenaka tinaivundikira ndi makungwa. Ndinakhala patali nditagwira pamtima, khutu lili kumoto. Unasweka umodzi wokha. Yotsalayo inatuluka yofiira, ya mawanga akuda, ndipo aNamwale anaiwaza madzi a makungwa ikadali yamoto, ikuchita kulira.

Woyamba kubwera anali mayi wina wa kumudzi wa Ansenga kutsidya kwa mtsinje, wodziwika kuti sagula chinthu asanachinyoze. Anafika ndi ana ake atasenza madengu a chimanga, koma anawauza kuti asatule kaye. Anali atamva za njoka ija. Ananyamula mtsuko waukulu uja, womwe ndinamaliza ndekha, anauyang'ana m'kati molozetsa kudzuwa, kenaka anaugogoda ndi chala. Unalira ngwee, mawu oyera, otalika. Anagogodanso pansi, pamimba, paphewa. Ponseponse mawu anali amodzimodzi.

"Anthu amanama," anatero mayiyo. "Amati dzanja lanu linafa. Nanga uwu waumba ndani?"

Ndinkaopa kuti akamva kuti ndi mwana, anyamula chimanga chake. ANamwale anatambasula dzanja lawo lamanzere, nagwira mkono wanga wamanja, naukweza m'mwamba, matope ali m'zikhadabo.

"Linafadi," anatero. "Landimerera lina, ndi ili. Thirani chimanga, musatichedwetse."

Mayi uja anandiyang'ana, anayang'ananso mtsuko, kenaka anakodola ana ake. Sindidzaiwala phokoso la chimanga chikugwera mumtsukomo, poyamba lolira kwambiri, kenaka n'kumachepa pamene unkadzaza. Anthu ena anatsatira masiku otsatira. Nkhokwe sinadzaze chaka chimenecho, koma chimanga chinafika poti munthu mmodzi n'kutuluka nacho dzinja. Madzulo a tsiku loyambalo anaphika nsima ya ufa wosinja ndi dzanja limodzi, nandiitana kuti tidye. Anadya misozi ikutsika, ndipo nditawayang'ana anati utsi wa nkhuni zanga zaziwisi ndi umene ukuwavuta.

Ndinaumba nawo zaka zingapo mpaka pamene anamwalira, ine nditakwatiwa kale. Mbiya zazikulu za mowa ndinazitha mochedwa, ndili ndi mwana kumsana, ndipo pakamwa pa mitsuko yanga sanasiye kupadandaula mpaka tsiku lomaliza.

Lero manja anga amanjenjemera ndi ukalamba, ndipo atsikana amatunga madzi m'zitini. Ochepa amene amabwera kuti ndiwaphunzitse amafuna ndiwauze chinsinsi tsiku limodzi. Kale ndinkaganiza kuti mayi uja ankandibisira dala nzeru pamene ankandisankhitsa timiyala ndi kufinya timiphika tanga. Tsopano ndikudziwa kuti analibe choti abise. Zimene ankadziwa zinali m'zala, ndipo zala zanga zikanapanda kukhala zaka zija m'matope, sizikanamva kanthu kuseri kwa khoma lija. Choncho mtsikana akandifunsa, sindichulutsa mawu. Ndimamuuza aike dzanja limodzi kumbuyo, ine n'kulowetsa langa m'kati. Ndipo ndikakhala ndekha, ndikuumba kamphika kanga ka ndiwo, dzanja langa lamanja limafunabe zala za aNamwale, ndipo limazipeza.