Mpunga wa sadaka ya mkazi wanga

Mkazi wanga atamwalira, ntchito imene inanditsalira kumuchitira inali sadaka yake ya arubaini. Kwathu ku Katuli, akatha masiku makumi anayi timaitana ashehe kudzawerenga dua, ndipo aliyense wofika amadya. Sitifunsa kuti wachokera kuti. Iye ali moyo sankasowa pa moto wa sadaka za anzake, choncho ndinkafuna kuti pa yake pasapezeke wobwerera ndi njala, makamaka amayi amene anamusambitsa ndi kumukulunga m'sanda.

Ndinagulitsa nandolo wanga n'kupalasa njinga kupita ku Chiponde, kumene zinthu zimatsikako mtengo. Ndinagula thumba la mpunga, shuga ndi mafuta ophikira. Pobwerera, nditalowa msewu wafumbi, ndinapeza chingwe atachimanga kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa chitsa tsidya linalo. Pambali panaima munthu wa malaya a khaki, chipewa chakuda ndi kajekete konyezimira kamene amavala apolisi apamsewu. Njinga yamoto inali pamthunzi.

"Madala, tsikani. Katunduyu ndi wa ku Mozambiki. Mapepala ali kuti?"

"Ndagula mbali yathu ino, bwana. Ndi wa sadaka ya malemu akazi anga."

"Aliyense amatero. Dzulo wina amati simenti yonse ndi ya manda a agogo ake. Masulani."

Kumapazi anavala patapata, lamba wake wina womanga ndi waya. Ndinaziona ndithu. Koma mumtima ndinati mwina nsapato zamuthera ndipo zina sanalandire. Ndine yani woweruza munthu poona mapazi? Komanso ife tinakula tikudziwa kuti wa yunifolomu safunsidwa. Ndinamasula mphira ndi manja anga, n'kumuthandiza kukweza thumba pa njinga yamoto ija.

"Mawa mubwere ku polisi mudzafotokoze bwino," anatero, maso ali pa mafuta.

Kutacha ndinapita. Pa kauntala ndinapeza wapolisi wamkazi, amene anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Bambo, msewu umenewo tilibe lodibuloko. Anakuonetsani chiphaso?"

"Sindinafunse, mayi."

"Mumayenera kufunsa. Sikuti aliyense angamange chingwe pamsewu n'kumalanda katundu. Kuvala zathu usali wapolisi ndi mlandu wolowa nawo kundende. Si inu oyamba kumudandaula. Mukadzamuona mudzatiuze, koma musadzamumenye."

Ndinabwerera njinga ili yopepuka. Njira yonse chimene chinkandipweteka n'chakuti thumba lija ndinakweza ndekha.

Abale anasonkha zimene akanatha. Alamu anga, mchimwene wake wa malemu, anabwera ndi beseni la mpunga, ena chinangwa chouma. Tinkadziwa tonse kuti mpungawo ndi wongokwanira movutikira.

Tsikulo litafika anthu anabwera ambiri. Dua itatha, amuna anakhala pa mikeka pansi pa mtengo, poti amayamba ndi iwo, amayi ophika amadya pomaliza. Ndikuzungulira ndi madzi osamba m'manja, ndinamva mawu kumapeto kwa mkeka akuti, "Mbale ino yachepa, onjezerani." Mawuwo ndinawadziwa. Mwiniwake anali atavala kanzu yoyera ndi kofia, ndipo pambali pa mkeka panali patapata wa waya uja. Ndinamuthirira madzi, iye osandizindikira. Tsiku lija sanayang'ane nkhope yanga, ankayang'ana katundu.

Ndinawakokera alamu kuseri kwa nyumba n'kuwauza. Anatumpha ngati aponda moto.

"Ameneyo? Akudya za mlongo wanga kachiwiri? Bweretsani chingwe cha mbuzi, lero aona!"

"Alamu, mukamumanga n'kumumenya pano, musiyana naye pati? Nanunso chiphaso mulibe."

"Inu alamu, kufatsa kwanuku n'kumene kunatidyetsa chinangwa."

Apa sananame. Ashehe, amene anamva phokosolo, anabwera n'kunena motsitsa kuti pa sadaka munthu sachotsedwa pa mbale, kaya ndi wotani, pakuti chakudyacho si chathunso.

Ndinaimba foni ku polisi. Anati galimoto yatuluka, sakudziwa kuti ibwera nthawi yanji. Anati tiuze achitetezo a m'mudzi amugwire bwinobwino abwere naye. Ndiye tinaima potero, ine, alamu ndi achitetezo awiri, kudikira kuti mlendo wathu akhute. Ankadya mosafulumira, akucheza ndi oyandikana nawo. Mbale yoonjezera ija inabwera, anaipukuta. Kukhitchini ndinkamva chikombe chikukanda pansi pa poto. Lamulo linandiletsa kumugwira pakhosi, mwambo unandiletsa kumulanda mbale, ndipo zonse ziwiri ndimazivomereza.

Atasamba m'manja ndinamuyandikira.

"Bwana, lero simuli pa ntchito?"

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana njinga yanga itatsamira khoma. Anaidziwa njingayo.

"Madala, tikambirane ngati anthu."

"Mukakambirana ndi anzanu ku polisi."

Achitetezo anamukweza pakati pawo pa njinga yamoto. Palibe anamukhudza ndi chibakera, ngakhale alamu anamuperekeza ndi mawu amene sindingalembe pano. Malaya a khaki ndi kajekete anakazipeza kunyumba imene ankagona. Mpunga anali atagulitsa kalekale. Pambuyo pake khoti linamupeza wolakwa, anakalowa.

Anthu amati nkhaniyi inatha bwino. Koma nditabwerera kuseri tsiku lija, ndinapeza amayi amene anasambitsa mkazi wanga atakhala mozungulira beseni la chinangwa chophika, mpunga utathera kwa amuna. Wamkulu wawo, mnzake wa malemu kuyambira utsikana, anandiona nditaima.

"Musadandaule, bambo. Dua yafika, imeneyo ndiyo yofunika."

Ndikudziwa kuti ananena zoona. Chaka chotsatira nditakolola ndinagula mpunga wina, n'kuwagawira amayiwo khomo ndi khomo. Analandira ndi manja awiri, anandidalitsa. Koma arubaini sibwera kawiri, ndipo pa ya mkazi wanga, anzake anadya chinangwa.